MAINZA CHONA: WOMASULIRA MAU M'KHOTI AMENE ANADZAYANG'ANIRA APOLISI NDI NDENDE

Mu komboni ya Matero ku Lusaka, m'mbali mwa mseu wochedwa Monze Road, muli nyumba ya nambala 3144. Munthu wodutsa sangaiceukire kawiri, pakuti ifanana ndi zinzake zimene kanselo inamangira anchito acikuda m'zaka za m'ma 1950. Koma Boma linaiika m'gulu la malo osungidwa a mbiri ya dziko lino, cifukwa m'menemo ndimo munali likulu la cipani ca UNIP pamene cipanico cinali cakhanda. Anthu ambiri aganiza kuti mtsogoleri woyamba wa UNIP anali a Kenneth Kaunda, koma si tero ai. Panthawiyo a Kaunda anali m'ndende, ndipo amene anagwira mpando anali mnyamata wa zaka 29 wocokera ku Cigawo ca Kum'mwera, dzina lake Mainza Chona. Iye anali atangobwera kumene kucokera ku London ndi mapepala a uloya, koma m'dziko lakwao sanaloledwe kuimirira munthu m'khoti. Patangopita zaka zisanu, apolisi onse ndi ndende zonse za dziko lino zinali m'manja mwake.

A Chona anabadwa pa 21 Januwale 1930 ku Nampeyo, pafupi ndi Monze. Atate ao, a Hameja Chilala, ndiwo anali Mfumu Chona ya Atonga. Masiku amenewo Boma la Atsamunda linali litavomereza mabwalo a mafumu kuweruza milandu ing'onoing'ono, monga ya ng'ombe zolowa m'munda wa mwini, ya ukwati, ya malire ndi ya ndeu za pa mowa. Cotero mwanayo anakulira pa khomo pamene milandu inali kukambidwa m'cinenero ca anthu, pamaso pa acibale ndi akuluakulu a mudzi. Sukulu anayambira kwao komweko, napita ku Chikuni kwa ansembe a Cikatolika a gulu la Ajezuiti, ndipo pambuyo pake ku Munali mu Lusaka, kumene anatsiriza mu 1951.

Nchito yao yoyamba inali yomasulira mau m'Khoti Lalikulu ku Livingstone. Nchitoyi iyenera kufotokozedwa bwino, pakuti ambiri aiyesa yaing'ono. M'khoti la Atsamunda woweruza anali Mzungu, woimira Boma Mzungu, ndipo loya wa woimbidwa mlandu, ngati analipo, analinso Mzungu. Malamulo anali olembedwa m'Cingerezi, ndi milandu yofika kumeneko inali yaikulu, ina yoti munthu akapezeka wolakwa anyongedwe. Woimbidwa mlandu, wocokera kumudzi, sanamve kanthu kalikonse kufikira womasulira atatsegula pakamwa. Kwathu munthu wamkulu sayankha funso molunjika. Ayamba kutali, achula makolo, aponya mwambi, ndipo pamenepo afika pa mutu. Koma khoti la Cizungu lifuna inde kapena ai. Kwathu kuweramitsa mutu pamaso pa wamkulu ndi ulemu, pamene kwa woweruza wacilendo kungaoneke ngati manyazi a munthu wonama. Liu limodzi lotembenuzidwa molakwa, lija losiyanitsa kupha mwadala ndi kupha mwangozi, linali lokwanira kutumiza munthu ku cingwe. A Chona anaima pakati pa mabwalo awiriwa, la atate ao ndi la Mfumu ya ku Mangalande, ndipo m'menemo ndimo munakhwimira cifuniro cao cakuti akhale loya. M'zaka zomwezo anakwatira mai Yolanta mu 1953, nalembanso buku la nthano m'Citonga lochedwa Kabuca Uleta Tunji, limene linalandira mphotho mu 1956.

Mu 1955 anapeza thandizo la maphunziro nakwera ulendo wa ku London. Ku Mangalande maloya ali a mitundu iwiri. Alipo a m'maofesi, olandira anthu ndi kukonza mapepala, ndipo alipo oima pamaso pa oweruza m'makhoti aakulu. Panthawiyo aciwiriwa anali kuphunzirira m'nyumba zinai zakalekale za maloya, zochedwa Gray's Inn, Lincoln's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple. A Chona analowa ku Gray's Inn. Kumeneko wophunzira analemba mayeso a malamulo a milandu ya upandu, a umboni, a mapangano, a malo ndi a kayendetsedwe ka dziko. Koma panalinso mwambo wakuti wophunzira azidya cakudya camadzulo m'holo ya nyumbayo masiku owerengeka, pamodzi ndi maloya aakulu, kuti amve makambidwe ao ndi kutengera makhalidwe ao. Wa ku Nampeyo sakadadabwa nazo, pakuti ndi momwenso mnyamata aphunzirira milandu pa mphala. Mu 1958 anapambana nalandiridwa monga loya. Caka comweco ku Lincoln's Inn kunatsirizanso a Orton Chirwa a ku Nyasaland, amene anadzakhala Nduna ya Cilungamo ku Malawi, koma anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Maphunziro a uloya aphunzitsa munthu kuwerenga lamulo ndi kutsutsana pa mlandu. Saphunzitsa kuyang'anira gulu la anthu zikwi zambiri onyamula zibonga ndi mfuti, kugawa ndalama za Boma, kusankha woyenera kukwezedwa, kapena kudyetsa akaidi. Ngakhale ku Ulaya nzeru zimenezi zinali kungoyamba kumene kuphunzitsidwa pazokha. Sukulu ya akuluakulu a polisi ku Mangalande inatsegulidwa mu 1948, ndipo mu 1960 inasamukira ku Bramshill, kumene kunadzaphunzira akuluakulu a polisi a m'maiko ambiri. Yunivesite ya Cambridge inatsegula cigawo cofufuza za upandu ndi zilango mu 1959. Kuno kwathu kunali sukulu ya Lilayi, yotsegulidwa mu 1955, yophunzitsa apolisi kuguba, kulemba lipoti ndi kumanga munthu. Yophunzitsa munthu wakuda kulamulira polisi kunalibe, popeza Atsamunda sanayembekeze kuti tsiku lotero liri pafupi.

A Chona anabwerera kwao mu Disembala 1958. Lamulo la Northern Rhodesia linali lakuti loya asanayambe nchito payekha, ayambe wagwira pansi pa loya wina wokhazikika. Maofesi a maloya onse anali a Azungu, ndipo khomo silinatseguke. Munthu amene anadziwa malamulo a Mangalande kuposa Azungu ambiri a m'maboma anangokhala ndi mapepala m'sutukesi. Analowa ndale m'cipani ca African National Congress ca a Harry Nkumbula. M'Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Arthur Benson analetsa cipani ca ZANC ca a Kaunda, natumiza atsogoleri ake kumadera akutali. A Kaunda anapititsidwa ku Kabompo ndipo pambuyo pake anaikidwa m'ndende. Otsala anali ngati anapiye opanda make. A Chona, atalephera kugwirizana ndi a Nkumbula, anapatuka ndi gulu lao naphatikana ndi otsala a ZANC, ndipo mu Okutobala 1959 anasankhidwa kutsogolera UNIP. A Kaunda atatuluka mu Januwale 1960, a Chona anawapatsa mpandowo popanda kulimbana. Mu Afirika muno si atsogoleri ambiri amene analawa mpando naubweza mwamtendere cotero.

Caka comweco Boma linafuna kuwamanga pa mlandu wa mau oukira, ndipo iwo anathawira ku London kumene anaimira cipani kufikira Febuluwale 1961. Atabwera anasankhidwa Mlembi Wamkulu wa UNIP, nathandiza kugwirizanitsa UNIP ndi ANC m'Boma la Disembala 1962. Mu Januwale 1964 anakhala Nduna ya Cilungamo, ndipo pa tsiku la ufulu, 24 Okutobala 1964, anapatsidwa Unduna woona za m'kati mwa dziko. Apolisi amene anali kuwasaka zaka zinai zapitazo tsopano anayamba kuwacitira sailuti.

Kuti timvetse kulemera kwa katunduyu, tiyenera kukumbukira cimene kapokola anali m'maso mwa munthu wa mu Matero kapena mu Chilenje. Kapokola anali wofunsa citupa ndi lisiti la msonkho. Anali wogogoda usiku kudzaona ngati m'nyumba mwagona mlendo wopanda cilolezo. Anali wotaya mowa wa amai ofulula mobisa, amene anali kupezera pamenepo ndalama za sukulu za ana. Anali womwaza misonkhano ndi utsi wokhetsa misozi, potsata lamulo la misonkhano la 1955. Nthawi ya Cha Cha Cha mu 1961 inasiya zipsera zambiri pakati pa apolisi ndi anthu a cipani. Tsono ufulu utabwera, acinyamata ena a cipani anayesa kuti wapolisi alibenso mphamvu pa iwo, ndipo apolisi ena acikuda anali ndi mantha kuti adzalangidwa cifukwa ca nchito imene anagwirira Atsamunda. Maudindo apamwamba onse anali ndi Azungu, ndipo ambiri a iwo anali kumanga katundu. Kuwacotsa onse tsiku limodzi kukadagwetsa polisi. Kuwasunga nthawi yaitali kukadakwiyitsa anthu amene anamenyera ufulu.

Njira imene inatsatidwa inali ya pakati. Apolisi akale sanacotsedwe, koma acikuda odziwa nchito anakwezedwa mofulumira. Mu 1965 a Michael Mataka anakhala Mzambia woyamba kukhala Komishinala wa Polisi, m'malo mwa a Lawson Hicks. Bvuto lalikulu linali la anthu ophunzira. Pa tsiku la ufulu dziko lonse linali ndi anthu acikuda a digiri okwana ngati 100 cabe, ndipo maloya anali owerengeka pa zala. Mkulu wa polisi ya m'tauni ayenera kudziwa lamulo la umboni kuti mlandu usagwe m'khoti, ayenera kudziwa masamu a ndalama, ayeneranso kudziwa kulankhula ndi khamu lokwiya. Zotere sizibwera ndi nyenyezi za pa phewa. Ndico cifukwa cake zaka zoyamba za ufulu zinali zaka zomanga masukulu a akuluakulu: Yunivesite ya Zambia imene inatsegulidwa mu 1966 ndi kuyamba kuphunzitsa malamulo mu 1967, ndiponso sukulu yozoloweretsa maloya nchito mu 1968. Sukulu yomalizayi inatseka dzenje lomwe lija limene a Chona anagweramo mu 1959, pakuti wophunzira sanafunikenso kupempha cifundo ca ofesi ya Mzungu. Mu 1966 mabwalo a mafumu analowedwa m'malo ndi makhoti aang'ono amene tiwadziwa lero, oyang'aniridwa ndi nthambi ya oweruza osati ndi a DC. Si zonsezi zimene zinacitika ndi dzanja la a Chona, koma iwo anali mmodzi wa ocepa m'Boma amene anadziwa khoti kucokera pansi mpaka pamwamba.

Nchito inali kukula kuposa anchito. Malamulo a citupa atatha, anthu anakhamukira m'tauni, ndipo ciwerengero ca anthu mu Lusaka cinapitirira kawiri pakati pa 1963 ndi 1969. Pafupi ndi Matero panakula George, ndipo kwina Kanyama, Chawama ndi Kalingalinga, makomboni opanda miseu yoongoka, opanda magetsi ndi opanda manambala a nyumba. Wapolisi wofuna mboni kumeneko anayenera kudalira wapampando wa cipani wa m'dera, ndipo motero cipani cinalowa m'nchito ya polisi pang'onopang'ono. Zipatso zake sizinali zokoma zonse.

Palinso colowa cina cimene Nduna yatsopanoyi inalandira, ndipo ndico cilemera kwambiri pa mbiri yao. Mu Julaye 1964, ufulu usanafike, kunabuka nkhondo pakati pa Boma ndi mpingo wa Lumpa wa mai Alice Lenshina ku Chinsali. Akuluakulu a ku Lundazi akumbukira momwe moto umenewo unafikira pa boma pao kuciyambi kwa Ogasiti. Anthu oposa 700 anafa. Bwanamkubwa Sir Evelyn Hone analengeza malamulo a nthawi ya ngozi, opatsa Boma mphamvu yotsekera munthu popanda kumtengera ku khoti. Mai Lenshina anadzipereka mu Ogasiti momwemo, ndipo anasungidwa zaka zoposa khumi osazengedwa mlandu wa nkhondoyo. Mu 1975 anaikidwa m'nyumba ku Chilenje, kumene anafera mu 1978. Azungu a ku Rhodesia atalengeza ufulu wao wakuba mu Novembala 1965, Boma linapeza cifukwa cina cosungira malamulowo, ndipo cifukwaco sicinali cabodza, pakuti adani analipodi m'malire. Koma lamulo lopangidwira miyezi yocepa linakhala mpaka 1991. Mpeni umene unasulidwira cirombo unayamba kudula ndi za pakhomo zomwe.

Atatumikira m'maunduna ena, ndi pa ukazembe ku Amereka mu 1969, a Chona anakhala Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko mu 1970. Pa 4 Febuluwale 1972 cipani ca UPP cinaletsedwa, ndipo a Simon Kapwepwe ndi anzao oposa 100 anatsekeredwa pansi pa malamulo omwe aja. M'mwezi womwewo a Kaunda analengeza kuti dziko lidzakhala la cipani cimodzi, naika a Chona kutsogolera bungwe lomva maganizo a anthu. Bungwelo silinaloledwe kufunsa ngati anthu afuna cipani cimodzi kapena ai. Linangofunsa za maonekedwe ake. A Nkumbula anakatsutsa ku khoti koma analephera. Bungwe linayenda m'zigawo zonse ndi kupereka lipoti lake mu Okutobala 1972.

Lipotilo ndilo lionetsa bwino maphunziro a munthuyu ndi malire ake omwe. Munali malangizo akuti Mtsogoleri asalamulire kupitirira nyengo ziwiri zotsatana za zaka zisanu zisanu, kuti pa cisankho ca Mtsogoleri paime anthu angapo, kuti Nduna Yaikulu ikhale ndi mphamvu zenizeni, ndi kuti mphamvu yotsekera munthu popanda mlandu icepetsedwe. Awa anali maganizo a munthu wodziwa kuti mphamvu yosamangidwa iluma. Boma linalandira za cipani cimodzi, koma zingwe zomangira mphamvuzo linazikana. A Chona sanatule pansi udindo. Pa 25 Ogasiti 1973, tsiku limene malamulo atsopano a dziko anayamba kugwira nchito, iwo anakhala Nduna Yaikulu yoyamba ya Boma la cipani cimodzi. Owakonda anena kuti anali munthu wokhulupirika, wofatsa, wokonda nthabwala, amene anaona kuti ndi bwino kuziziritsa moto ali m'kati. Owatsutsa anena kuti dzina lao labwino ndi uloya wao zinabveka cobvala caulemu pa cinthu cimene cinafinya anthu zaka 18. Mbali zonse ziwiri ziri ndi coonadi, ndipo mbali yaciwiriyi inalimba mu 1978, pamene malamulo a cipani anasinthidwa ku Mulungushi kotero kuti a Kapwepwe ndi a Nkumbula analephera kupikisana ndi a Kaunda, a Chona ali Mlembi Wamkulu wa cipani.

Pakati pa zakazo, kuyambira 1975 mpaka 1977, anali Nduna ya Zamalamulo ndi Loya Wamkulu wa Boma. Analowa m'malo mwa a Annel Silungwe, amene mu 1975 anakhala Mzambia wakuda woyamba kukhala Woweruza Wamkulu. Panali patapita zaka 24 cabe kucokera pamene mnyamata wa ku Munali anayamba kumasulira mau a oweruza acizungu ku Livingstone. Anabwereranso pa Unduna Waukulu mu 1977 kufikira 1978. Mu 1981 anacotsedwa pa Ulembi Wamkulu wa cipani, ndipo pamenepo, ali ndi zaka zoposa 50, anayamba nchito imene anaikonzekera ali mnyamata, yoimirira anthu wamba m'makhoti. Mu 1984 anatumizidwa ku China monga kazembe, ndipo pambuyo pa zaka zisanu anapita ku France, kumene anakhala kufikira 1992.

Pobwera anapeza dziko litasintha. UNIP inali itagwa pa cisankho ca Okutobala 1991, malamulo a nthawi ya ngozi anali atatha, ndipo malire a nyengo ziwiri, amene bungwe lao linapempha mu 1972, anali atalembedwa m'malamulo a dziko. M'zaka zotsatira polisi inayamba kudzicha gulu lotumikira anthu, nitsegula maofesi othandiza amai ndi ana ozunzidwa. Mu 1996 Khoti la Supreme, pa mlandu wa mai Christine Mulundika ndi anzao, linagamula kuti mbali ya lamulo la 1955 yofuna cilolezo ca polisi munthu asanacititse msonkhano inali yotsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Lamulo limenelo maboma onse a UNIP anali atalisunga monga analilandirira kwa Atsamunda.

Koma mpeni uja sunataike. Pa 28 Okutobala 1997 asilikali ena otsogozedwa ndi Kaputeni Stephen Lungu, wodzicha Solo, analanda nyumba ya wailesi kwa maola ocepa. Boma la a Frederick Chiluba linalengezanso malamulo a nthawi ya ngozi, ndipo pa tsiku la Khrisimasi a Kaunda anamangidwa natumizidwa ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe. Mwalimu Julius Nyerere atapita kukawaona, anasamutsidwira kunyumba kwao ku Lusaka, kumene anasungidwa ndi alonda. Mwa maloya amene anaimirira a Kaunda munali a Mainza Chona, nkhalamba ya zaka 67, kupempha oweruza kuti Boma lionetse zifukwa zotsekera munthu, pansi pa malamulo a mtundu womwewo umene iwo anayang'anira ali Nduna. Pa 1 Juni 1998 Boma linacotsa mlanduwo ndipo a Kaunda anamasulidwa.

Thanzi la a Chona linayamba kufooka ndi nthenda ya impso. Anamwalira pa 11 Disembala 2001 m'cipatala ca Milpark ku Johannesburg, ali ndi zaka 71, patatsala masiku 16 kuti dziko liponye voti yosankha wolowa m'malo mwa a Chiluba, amene anali atalephera kuonjezera nyengo yacitatu. Thupi lao linabwera nalo kuno ndipo anaikidwa m'manda kwao ku Monze.